Gulugufe wa Pakhosi Panga

Zaka khumi ndi zisanu ndagulitsa chinanazi pa Limbuli.
Sindidula kuti ndidziwe zam'kati.
Ndimagogoda ndi chala, ndimanunkhiza kutsinde,
tsamba lapakati likazuka mosakana
ndimati tengani bwana, ichi chapsa.
Koma chotupa chapakhosi pangachi,
chomwe ndinkachigogoda m'mawa uliwonse
pa kagalasi kong'aluka ka Elube,
sichinandiyankhe.

Kuchipatala cha paboma anachigwiragwira n'kulemba kalata.
Kalatayo inabala kalata inzake,
inzakeyo inadya mbuzi ziwiri
ndi njinga yomwe a Likoswe anandisiyira pomwalira.
Kenako basi ya usiku wonse, zidindo zapamalire,
ndi chipatala chomwe ngakhale zikomo
ndinasowa womuuza m'chilankhulo changa.

Anandibaya pamkono. Kadontho chabe,
koma jekeseniyo anabwera nayo ataiveka chitsulo
ngati galu woluma.
Elube ankamasulira: akuti mankhwalawa amawala, amayi,
kuwala komwe diso silingakuone,
ndipo chithokomiro chimawamwa
momwe minda ya tiyi imamwera chiperoni.
Ndinagona chagada, khosi litapindikira kumbuyo
ngati nkhuku ya pa Khirisimasi,
chimakina chitandiweramira.
Sichinandikhudze. Sichinalankhule.
Chinkangomvetsera,
ndipo ndinachizindikira: mnzanga pantchito uyu,
nayenso amafuna zam'kati popanda mpeni.

Usiku umenewo anandiletsa kunyamula Mwaiwawo.
Anakwawa mpaka pamapazi panga, manja m'mwamba,
mayi ake n'kumubweza, iye n'kubweranso.
Ine kukona ngati mbaula yamoto,
ndikugugudiza madzi botolo ndi botolo
kuti kuwalako kutuluke msanga.
Jekeseni sinandilize. Izi ndiye zinandiliza.

Lero ndili kwathu. Phiri lafunda mtambo kuyambira dzana.
A Nakoma afika ndi mafunso m'chitenje:
"Tamva kuti anakuthirani magetsi m'thupi.
Ndiye akathima kuno tizibwera kwanu,
ana azidzawerengera pakhosi panupo."
Ndaseka ndi timawu tomwe tatsala, tosasa,
tomwe anandichotsetsa kutsogolo kwa kwaya ya amayi.
Kenako ndatulutsa envelopu pansi pa mphasa.

Taonani, a Nakoma. Si mafupa ayi.
Ndi gulugufe.
Zaka makumi asanu ndi zitatu wakhala pakhosi panga
osandiuza, ine osamudyetsa.
Phiko lakumanja ndi lodzaza, likuyaka bwinobwino.
Lakumanzereli lili ndi bowo
ngati tsamba la mpiru lomwe mbozi yayamba.

Tsiku lija ndinaloza powalapo, nkhope ndatembenuza:
matenda aja ndi amenewa?
Dokotala anapukusa mutu.
Akuti powala ndi pomwe pali moyo, pakugwira ntchito.
Chomwe akuchikayikira ndi ichi chakana kumwa,
chakhala chete pakati pa anzake,
iwo amachitcha chozizira.
Sananene kuti ndi khansa.
Sananenenso kuti si khansa.
Nthawi zambiri sichikhala choopsa, anatero,
n'kulemba tsiku lina pakona ya pepala,
loti adzatengeko kanyama ndi singano.

Moyo wanga wonse ndinkaopa zoyaka:
ng'anjo, mphezi ya pa Muloza, mkwiyo wa malemu.
Sindinkadziwa kuti munthu angagone maso
chifukwa cha kamalo kopanda moto
kochepa ngati njere ya nandolo.

Mawa ndi tsiku la msika. Ndipita.
Ndalama ya basi siimera m'envelopu.
Ndidzayala zinanazi zanga pathumba,
akabaza adzaimba mabelu, a ku Milanje adzanenerera mtengo,
ndipo wina adzanyamula chimodzi n'kufunsa,
"Mayi, n'chokoma m'katimu?"
Kale ndinkalumbira, pali Mulungu.
Mawa ndidzagogoda, ndidzatchera khutu nthawi yaitali,
ndidzati: zomwe ndamva ndamva, bwana,
ndipo sizoipa.
Zotsalazo tidzazidziwa likafika tsiku lodula.