Kaundula wa ku Mbayani

Anandipatsa kaundula wa mizere isanu ndi iwiri,
cholembera chomangirira ulusi kuti chisasowe,
ndi mawu oyambira pakhomo lililonse:
tikuwerenga ana amene anabadwa chaka chatha.
Onse, anatero a Kalitsiro ku ofesi,
olumala ndi alunga omwe,
pakuti sunganene kuti mchere wachuluka
usanaone kuchuluka kwa ndiwo.

Nyumba za kuno zilibe manambala.
Ndimalemba: kuseri kwa chigayo, chitseko chobiriwira.
Kutsika ngalande, pogulitsa makala.

Pogulitsa makala pali Mwatitha,
phazi lamanzere lopindikira m'kati,
pulasitala wa ku Gulupu mpaka m'ntchafu.
Achimwene ake ajambulapo minibasi ndi khala,
kondakitala yemwe, mutu uli pawindo.
Ndichonga mzere wachiwiri.

Kumtunda, Nasibeko anandiyankhira pazenera:
muno mulibe mwana.
Matewera atatu akudontha pachingwe.
Ndinapempha madzi akumwa, ndinakhala pa njerwa,
tinakamba za mtengo wa sopo,
za mpopi umene unauma Lolemba,
mpaka nsalu ya kuchipinda inalira yokha.
Anamutulutsa atamuphimba kukamwa.
Mlomo wam'mwamba wagawika kufika pamphuno,
mkaka ukabwerera amaupukuta ndi chala chachikulu.
Apongozi akuti ndinaseka munthu ndili ndi pakati.
Bambo ake anapita ku Joni, foni siikugwira.
Ndiye mukalemba, chimachitika n'chiyani?
Ndinati amasoka, Lachiwiri, ulere.
Anafunsa ya minibasi.
Kaundula alibe mzere wa zimenezo.

Alibenso mzere wa uja wa kwa Nankhoma
amene anabadwa ndi chotupa pamsana, osalira,
amayi anayi n'kukamuika m'bandakucha
popanda nyimbo, popanda dzina.
Mtayo sauwerenga, anandiuza motsitsa mawu.
Ndinam'lemba m'mphepete mwa pepala
timalemba tating'ono ngati nyerere.

Masabata asanu ndi limodzi, nsapato imodzi yatha chidendene.
Ana mazana asanu ndi limodzi, khumi ndi awiri.
Mwa iwo, asanu ndi anayi.
A Kalitsiro adina makina awo:
pa chikwi chilichonse, khumi ndi anayi ndi kachidutswa.
Kachidutswako ndani? ndinafunsa.
Anaseka, nati ndi masamu chabe,
ndipo za m'mphepetezi tifufute, zisokoneza.

Sindinafufute.

Pokwera ya ku Chemusa ndagwira chitsulo cha mpando,
ndipo pambali pa chala changa chaching'ono
pali kachipsera ngati njere ya mapira.
Ndinabadwa nazo zisanu ndi chimodzi.
Azakhali anamanga ulusi wakuda, chinauma, chinagwa,
anachikwirira pansi pa nthochi ku Chilomoni.
Chaka chimenecho kunalibe wobwera ndi kaundula.
Kondakitala akuwerenga mitu:
anayi anayi, mayi sunthani,
mwana wa pamiyendo sitiwerenga.