Kamunga ka pa 433

Ku Oulu kuno, mwezi wa Januwale,
dzuwa limangosuzumira n'kubwerera
ngati munthu wangongole.
Anzanga anaweruka kalekale.
Ndatsala ndekha ndi kabolodi kobiriwira
kamene mawa kayenera kukhoza mayeso
kuti kakalowe m'makina omvera mitima ya odwala.

Ndalumikiza chingwe, ndakunga ndi kasipanala,
osapyola muyezo, paja Aulis ankati
chingwe cholefuka chimanama kuposa munthu.
Pulogalamu yatsegula diso pa sikirini.
Pansi penipeni phokoso likunjenjemera
ngati udzu wongotchetcha kumene,
ndipo pamwamba pa udzuwo
mawu a kabolodi kanga aima chilili pa 868,
nsonga imodzi, yowongoka, pomwe ndinaifuna.

Kenaka kumanzere, balamanthu!
Kamunga.
Kalasa m'mwamba, kazimirira.
Pa 433 ndi kanthu pang'ono,
pafupifupi theka la nambala yanga.
Mtima wanga psuu.
Theka ndi m'bale wake wa chathunthu,
ndiye kuti wakuba ali m'nyumba momwe muno,
penapake ndinawotcherera mopupuluma.

Ndapanikiza malire kuti ndikaone pafupi.
Ndachepetsa kukamwa kwa sefa,
mzere wayamba kuyenda mwaulesi
kuchoka kumanzere kunka kumanja.
Ndauza makina asaiwale chilichonse chotumphuka.
Khofi wazizira m'kapu.
Kabweranso. Pompaja.

Ndathimitsa kabolodi. Nsonga yanga yagwa m'udzu.
Ndazula ngakhale batire, ndaika kamlongoti pa chingwe.
Zii.
Zii.
Kabweranso!
Si kanga ayi.

Ndavula wotchi, ndaigoneka patebulo.
Masekondi makumi asanu ndi asanu ndi awiri.
Ndawerenganso: omwewo.
Chinthu ichi sichiphonya, chili ndi mwambo.

Ndiye ndayenda nako kamlongoti m'manja,
chingwe chikukwekwereka m'mbuyo,
ndikumaima, kudikira, kucheukira sikirini.
Pa firiji, ayi. Pa matchaja, ayi.
Pa chitseko kafupika.
Pa tebulo lopanda mwini lija katalika,
pa zenera la kuseri kwake kakhudza denga.

Zenera lakana, lauma ndi chisanu.
Ndalikankha ndi phewa.
Mphepo yandimenya mbama,
ndapala chipale chofewa ndi zala,
ndipo ndi ako: kabokosi kotuwa
kosaposa bokosi la machesi,
komangidwa ndi waya wamkuwa,
mapotedwe ake ndawazindikira.
Pa tepi pali zilembo zopendekera,
tsiku limene anasintha mabatire.

Kachipangizo koyezera kuzizira.
Aulis ankafuna kudziwa asanatuluke
ngati njinga ipite kapena itsale.
Tinamuika m'manda chipale chikusungunuka.
Kolandirira kake, kamene kankakhala pambali pa kapu,
kanapita m'katoni limodzi ndi magalasi
kwa mwana wake wamkazi ku Kemi.
Za kunja kwa zenera palibe anakumbuka.

Miyezi isanu ndi inayi tsopano,
usana ndi usiku,
kakunena kuti kunja kwazizira mwakuti,
kakupuma, kakunenanso,
wakumva palibe.
Lero lokha ndi ine ndakamva,
ndiponso mwangozi, ndikukayesa mlandu.

Zomangira zake n'ziwiri basi.
Sikuludiraiva ili m'thumba.
Zala zafa dzanzi.
Ndatseka zenera.

Ndayatsanso kabolodi, ndayeza bwinobwino,
pakati pa mpweya umodzi ndi unzake
pali nthawi yokwanira ntchito yanga.
Mu lipoti ndalemba mizere iwiri:
bolodi yakhoza;
chosokoneza n'chochokera kunja, gwero ladziwika.
Zina lipoti silifunsa.

Ndavala jekete, chipewa, magolovesi.
Basi yomaliza imadutsa itakwana leveni.
Chala chili pa batani lothimitsira,
koma maso ali pa wotchi.
Makumi asanu ndi anayi,
ndi asanu,
ndi asanu ndi limodzi,