Naini Sagogoda

Usiku wa Lachitatu ku Moatize.
Fumbi la malasha lalowa mpaka m'mabatani,
chilembo cha M chikumata.
Ndili mu kontena ya pa sikelo,
fani ikungotakasa mpweya wotentha womwewo.

Pulogalamu yanga imalemba kulemera kwa lole iliyonse.
Dzulo anaizimitsa mzere uli pakati:
matani makumi atatu ndi
basi.
Fausitino Chimphamba anagona pa geti,
katundu ali pa lole, koma m'buku mulibe.

Ndiye lero ndikuiphunzitsa kumva kugogoda.

Fifitini amabwera mwaulemu,
amati odi, nthawi yakwana.
Usamuchezetse pakhomo,
usatsegule fayilo, usayambe kuwerengera.
Imika kambendera kamodzi, ubwerere ku ntchito.
Ukafika popumira, kaone kambenderako,
umalize mzere, utseke buku,
uitane ana onse amene unawatuma,
uwadikire mmodzimmodzi,
pakuti mwana wosadikiridwa amasanduka mzukwa:
dzina lili m'kaundula, mwini wake kulibe.

Laibulale imene ndinabwereka
inali itatchera kale khutu pakhomo lomwelo.
Nditaikapo langa, lake linagontha.
Tsopano ndikamva, ndimaiuzako.
Khomo ndi limodzi, tisalimbirane.

Koma naini.
Naini sagogoda, salonjeredwa,
palibe mzere umene ndingalembe womuuza kuti dikirani.
Ndinamuona pa msewu wa ku Zobwe
chaka chimene mlongo wanga Diyonizio anagula njinga yamoto.
Foni yake anandipatsa apolisi, galasi litang'aluka,
uthenga usanatumizidwe:
Ndikafika pa mlatho ndi
Mpaka lero ndimayesa kuumaliza.
Ndikuimbira? Ndigule buledi?

Choncho mzere uliwonse ndimausunga pompopompo,
osati mawa, osati lole khumi zikakwana.
Abwana akuti zikuchedwetsa.
Zichedwe.

Folo koloko. Ndiyese.
Ndatuma fifitini ndi dzanja langa.
Yamva.
Yamaliza mzere, yasonkhanitsa ana, yatseka,
yagona ngati munthu wopanda ngongole.
Ndaidzutsa. Ndatuma naini.
Yagwa osalankhula,
koma buku lili bwino mpaka lole yomaliza.

Kunja Fausitino waliza hutala kawiri,
wakweza matayala pa sikelo mosamala.
Manambala akunjenjemera, akhazikika.
Matani makumi atatu ndi anayi.
Ndawerenga mokweza, ndekha,
mpaka kumapeto.