Zenera Lachitatu

Hafu seveni isanakwane ndatsika kale pa kabaza,
fumbi la ku Kaphatenga lili m'nsapato,
malaya ndinasita usiku ndi simbi ya makala
poti magetsi anachoka osatsanzika.
A Dzimbiri pageti andimenyera sawatcha ngati bwana.
Tonse awiri tikudziwa.

Pachifuwa panga pali kachitsulo kolembedwa dzina:
Tsalani.
Amayi sankadziwa kuti akulosera.
Zaka zisanu ndi zinayi pa zenera lachitatu.
Amene tinayamba nawo limodzi ali kulikulu,
mmodzi ndimamuona pa kalendala ya banki
akumwetulira pamwamba pa mwezi wa Okutobala,
mwezi womwe kuno ku Salima
tayi imasanduka chingwe.

Ndalama zili ndi fungo, asakunamizeni.
Za mayi Asiyatu a kumsika zimanunkha anyezi.
Za mwini golosale zimabwera m'katoni ya sopo.
Za a Likisho, mlimi wa thonje ku Chinguluwe,
zimafika zofunda, zonyowa thukuta,
atazimanga m'kansalu m'kati mwa malaya.
Zonsezo zimadutsa m'manja mwangamu.
Paipi samwa madzi.

Chitseko chikatsekedwa ndiye ntchito yayamba.
Lachiwiri lapitali panasowa teni sauzande.
Ndinawerenga kanayi, ndinasuzumira pansi pa mpando,
a Kalichero ali chilili kumbuyo kwanga,
kamera ya pakona osaphethira.
Tidula pa malipiro, anatero.
Ndinasaina ndi cholembera cha banki.

Kapepala ka malipiro kamayamba konenepa pamwamba.
Msonkho uluma. Penshoni iluma.
Ngongole imene banki yomweyi inandipatsa
kuti ndifolere nyumba ya amayi ndi malata
iluma mpaka mano kukumana.
Pofika pansi, fupa.
Koma kwathu ku Thavite ndine "wa ku banki".
Maliro akagwa, foni yoyamba kulira ndi yanga:
bokosi, shuga, galimoto.
Ndiwauze bwanji kuti mlonda wa nkhokwe
amagulanso chimanga cha pambale?

Lolemba lililonse kalata yochokera kulikulu
imati ndife banja limodzi.
Banja lake limakupatsa nambala:
maakaunti makumi anayi mwezi uno.
Loweruka tinakatsira hema pamsika wa Khombedza,
kunyengerera ogulitsa tomato,
kuwaphunzitsa kusunga ndi kutapa pa foni
kuti asadzavutikenso kubwera pa zenera.
Langali.
Ndinawaphunzitsa bwino, mwatsoka.

Malo a supavaiza atatseguka ndinalemba kalata,
ndinaphatikiza dipuloma imene ndinaiwerengera usiku
udzudzu ukundiyimbira.
Anatumiza Yotamu wa ku Lilongwe, wa digiri,
mwana waulemu ndithu, sindinganame.
Ndine ndinamuonetsa mmene sefa imatsegukira,
kuti kiyi wachiwiri amafuna kumukankha pang'ono.
Amanditchula achimwene.
Tchuthi changa amasaina ndi iye.
Chaka chamawa, anatero a Kalichero,
maso ali pa kompyuta.
Chaka chamawa ndachiwerenga kale katatu,
sichikwanira.

M'dilowa muno, pansi pa malamba omangira ndalama,
muli kalata yofunsira ntchito ku fakitale ya shuga.
Yatha miyezi isanu. M'makona mwapindika.
Ndikachoka, ngongole ija ilusa,
ndikatsala, ndatsala.

Lero a Likisho abwera.
Zenera loyamba linalibe munthu, akana.
Adikira mphindi makumi awiri, chipewa m'manja.
Ndikufuna uyu, akuti,
amawerenga pang'onopang'ono ine ndikuona.
Ndawagwira chala chachikulu,
ndachinyika mu inki, ndachidinda papepala.
Inki ina yatsalira pa chala changa.
Izi sizilembedwa pa fomu ya kumapeto a chaka,
palibe kabokosi kake.

Ndapukutira pa thalauza, pomwe sipaoneka.
Mzere wafika pakhomo,
fani yakudenga ikungotakasa kutentha.
Ndakonza tayi.
Ndavala kumwetulira kuja anatiphunzitsa ku Lilongwe.

Wotsatira.