Sikelo ya ku Marcala

Chaka chimene dzimbiri linalowa m'munda wa khofi,
masamba anachita mawanga kunsi kwake
ngati wina wawawaza fumbi la njerwa usiku.
Pofika Okutobala mitengo inali mbulanda,
nthambi zokhazokha zoloza kumwamba
ngati zala za munthu womira.

Herminia anagulitsa makina ake osokera.
Ine ndinagulitsa bulu, kenaka chishalo chake,
ndipo tsiku limene tinaika mwana wathu Isidro
nsapato ndinachita kubwereka kwa mlamu wanga.
Sindinapemphere mawu ambiri, Ambuye.
Ndinkangokhala pa benchi lakumbuyo m'tchalitchi,
chipewa pabondo, kukamwa kuli gwa,
kumvetsera mvula ikugogoda malata.
Munali chete. Nanenso ndinali chete.
Koma Lamulungu lililonse ndinkabwera,
ndipo ndinkakupezani mulipo.

Kenaka kunabwera Wilmer pa galimoto yopanda nambala.
Anati, "Don Eulalio, nyumba yanu ya khofi ili pululu.
Mundisungire matumba asanu, musawamasule,
Lachisanu ndidzawatenga."
Anaika pathebulo mpukutu wa ndalama womanga ndi mphira,
wonenepa kuposa chibakera changa.
M'menemo ndinaona mankhwala opopera,
ndinaona makina a Herminia akubwerera,
ndinaona mwala wolembedwa dzina pamanda a Isidro.
Asandiyamikire munthu:
dzanja linali litanyamuka kale.
Linangogunda kapu ya khofi wozizira,
khofiyo n'kutayikira pa ndalamazo,
ndipo m'kamphindi kopukutako manyazi anandipeza.
Ndinati, "Pita nazo," mawondo akuombana.
Usiku umenewo tinadya nthochi zowiritsa ndi mchere,
ine osadziwa ngati ndapambana kapena ndapusa.

Zinapita zaka zinayi. Mbande zatsopano zinagwira.
Phiri lonse linafiira, nthambi kuchita kuwerama.
Ogula ochokera kutsidya kwa nyanja
analawa ndi supuni, natsinzina, nalemba mtengo
umene ndinauwerenga katatu.
Ndinagula galimoto yobiriwira.
Ndinasamukira pa benchi lakutsogolo,
dzina langa linalembedwa pa belu latsopano.
Pemphero la m'mawa linafupika, linafupika,
mpaka linatsala kuyasamula chabe.

Palibe Wilmer anabwera nthawi imeneyi.
Ndinali ndekha, nditakhuta, madzulo abwino,
pamene ndinapotoza kamsomali ka sikelo
pang'ono pokha, ngati kutsina khutu la mwana.
Dengu lililonse la otchola linayamba kutaya dzanja limodzi la khofi.
Dzanja limodzi n'chiyani pa phiri lonse?

Loweruka lina Fidelina, mayi wamasiye wa kuseri kwa mtsinje,
anatula dengu lake, nayang'ana muvi wa sikelo,
nayang'ana manja ake ong'ambika, n'kuseka.
"Madengu anga apepuka masiku ano, Don Eulalio.
Pamsana akulemera chimodzimodzi.
Kaya ndi ukalamba."
Analandira ndalama zake, nandidalitsa m'dzina Lanu,
natsika njira ya matope akutsimphina.

Dalitso limenelo linandikhala pakhosi ngati fupa.

Pakati pa usiku ndinatuluka ndi tochi ndi pulayala.
Kamsomali kanalimba, kanachita dzimbiri,
dzimbiri lomwe lija, lasintha munda wokha.
Ndinakabweza magazi akutuluka pachala.
M'mawa ndinatsegula kabuku ka masabata asanu ndi awiri,
ndinaitana otchola mmodzimmodzi,
Herminia ataima pakhomo, osanena kanthu.

Ambuye, pa njala ndinakugwirani
chifukwa m'manja munalibe china.
Tsopano manja adzaza, zala sizikupindika.
Ndigwireni Inuyo.
Chaka chamawa dzimbiri likhoza kubwerera,
kapena mtengo ukhoza kukwera kawiri;
sindidziwanso choopsa ndi chiti.
Mawa kukacha Fidelina abwera ndi dengu.
Muime pambali panga poyeza.