Chikalata cha pa Chitseko

Anachikhoma Lachiwiri
ndi pulasitala wa mabala, poti zomatira zinatha.
Chiperoni chotsika m'phiri chachinyowetsa m'makona
koma mawu sanasuluke:
wopanda khadi la katemera pakutha pa mwezi
asadzavalenso yunifolomu.

Ine ndinabayitsa kale.
Mkono unalemera masiku awiri, kenako basi.
Kiyi wa firiji ndimasunga ndine,
ndimawerenga timabotolo m'mawa uliwonse
ngati anapiye mphamba itadutsa.

Delifa sanabayitse.

"Si za pa foni, Sisita," akutero akufinya chokolopera,
"za chizindikiro cha chilombo ndimaseka nazo.
Zaka zisanu ndi zinayi
apongozi akundipatsa moni akuyang'ana pamimba.
Lero miyezi isanu.
Kakagunda ndimaleka kupuma kuti ndimvetsere.
Mwati sukavulaza. Ndakumvani.
Koma mantha alibe makutu."

Ndikumukumbutsa za Bambo Muhiwa,
amene anatiphunzitsa tonse kupeza mtsempha mumdima,
mmene anathera pa bedi lachinayi
akutapa mpweya ngati madzi m'lichero,
silinda ikadali pa msewu wa ku Limbe.
Ndikuti, Delifa, matendawa saopa pakati,
amayamba ndi oyembekezera omwe.
Nanga wothyola tiyi wa mphumu uja,
wa ku Chitakale, amene umamutembenuza usiku?
Iye sasankha mpweya umene umamupumira.

Waimika chokolopera.

"Magolovesi atatha,
anasambitsa Bambo Muhiwa ndani?
Ndinavala majumbo a shuga m'manja.
Tsiku lija munanditcha ngwazi,
akuluakulu anabwera pa galimoto kudzaomba m'manja
ataima patali.
Lero ndine chiopsezo.
Akanandikhazika pansi. Akanandifunsa dzina.
Wolemba pepalali sanamvepo fungo la wodi ino."

Ndilibe yankho.
Zoona ziwiri zapanikizana pa mpando umodzi
ngati mu minibasi ya ku Muloza,
ndipo palibe imene ikufuna kutsika.
Akachoka, adzakolopa ndani?
Akatsala, ndidzamuuza chiyani mkazi wa wothyola tiyi?

Botolo likatsegulidwa silidikira mawa.
Ndi la anthu khumi.
Ndabaya aphunzitsi awiri, wa kabaza mmodzi,
mlonda wa ku esiteti amene anatseka maso n'kutchula amake,
ndi ena asanu.
Mwatsala ka mmodzi,
kadontho kosadzaza ngakhale chikhadabo.

Nthawi yapita. Phiri labisala.
Delifa akukolopa khonde pang'onopang'ono,
dzanja limodzi lili pamimba,
akuyandikira kuno.
Kaya akubwera,
kaya n'kumene kwatsala matope.

Sindimuitana.
Ndangotsekereza chitseko ndi mwala
kuti mphepo isachitseke.