Botolo Lopanda Dzina

Teramu yanditula kusanache,
chisanu cha ku Köln chikuluma makutu.
Mu furiji ya kuntchito mwandidikira mabotolo,
awiriawiri ngati mapasa, A ndi B.
Palibe dzina, nambala yokha.
Mwini mkodzo sindimudziwa,
kaya amapalasa njinga m'mapiri, kaya amanyamula zitsulo.
Ndimangoona kuti uyu anamwa madzi ambiri,
uyu anafika pamzere womaliza kukhosi kuli gwa.

Testosteroni satuluka m'thupi ali wamphumphu.
Chiwindi chimayamba chamulanda ukali,
kenako chimamumangirira kamchira kobadwa ku shuga
kuti iye, mafuta okana madzi, avomere kusungunuka,
impso zimuperekeze pakhomo.
Ntchito yanga yoyamba ndi kudula kamchirako.
Ndimadontheza enzaimu, n'kutenthetsa, n'kudikira ola lathunthu.
Jördis amabwera ndi khofi
ndi madandaulo a lendi yomwe yakweranso.

Otsala awiri ndimawadziwa ngati ana a nyumba yoyandikana,
mayina awo olemera palilime:
androsteroni ndi etiyokolanoloni.
Aliyense makaboni khumi ndi asanu ndi anayi,
mphete zinayi zogwirana m'mbali,
zitatu za ngodya zisanu ndi imodzi, yomaliza ya ngodya zisanu.
Pa sikelo sasiyana.
Chowalekanitsa ndi haidrojeni mmodzi
pa kaboni wachisanu.
Kwa uyu wayang'ana pansi, thupi lawongoka ngati thabwa.
Kwa winayu wayang'ana kumwamba, msana wapindika.
Basi, n'zomwezo.
Koma m'kachubu ka makina, koonda ngati tsitsi,
nawonso amachita mpikisano wawo,
wowongoka amafika kaye,
wopindika amatsatira, kamphindi kasanathe.

Lero nambala 4471 yandikhazika chete.
Timapiri take pa kompyuta sitikugwirizana.
Ndaitumiza kuchipinda chakumapeto
komwe makina amatentha molekyu mpaka isanduke mpweya
n'kuwerenga makaboni, opepuka ndi olemerako pang'ono.
Wopangidwa m'thupi amafanana ndi zomwe munthu amadya.
Wa m'jakisoni anayambira m'munda wa soya,
ndipo soya pokoka mpweya amakondera kaboni wopepuka.
Fakitale, sitima, katoni yopanda chizindikiro,
singano m'chimbudzi cha hotela,
chiwindi, impso, botolo:
ulendo wonsewo, molekyu sinaiwale kumunda kwawo.

Ndasaina. Dzanja silinanjenjemere.
Kwinakwake foni idzalira m'khitchini ya munthu,
koma imeneyo si mbali yanga.

Madzulo ndawoloka mtsinje wa Rhein kupita ku Kalk.
Bambo anga, a Ottmar, zaka makumi asanu ndi atatu ndi zitatu,
omwe ankakweza zitsulo pafakitale yomwe pano kulibe,
omwe ankandinyamula ndi dzanja limodzi
lina litagwira thumba la mbatata,
agona chammbali, wailesi ikulankhula yokha.
Pansi pa bedi pali botolo lawo la pulasitiki.
Ndalitola, ndipo dzanja mwachizolowezi
lalikweza ku nyali.

“Wapezamo chiyani, adokotala?”
Mawu atuluka mu pilo, diso limodzi lokha lotsegula.

Ndikudziwa zomwe makina akananena.
Awiri aja alimo ndithu, wowongoka ndi wopindika,
koma timapiri tatsika chaka ndi chaka
mpaka kutsala timizere tonyanyuka pang'ono.
Palibe amene anawalanda.
Thupi linangochepetsa moto, osatsanzika.

“Mulibe chinyengo, bambo.
Zonse ndi zanuzanu.”

Aseka mpaka kutsokomola,
ati ndiye mendulo yawo ili kuti.
Ndakhuthula m'chimbudzi, ndatsuka botolo kawiri,
ndaliimika pawindo kuti liume.
Ili lokha ndi lomwe lili ndi dzina,
ndinalilemba ndekha ndi cholembera chakuda
tsiku lomwe tinachoka kuchipatala,
ndipo chilembo choyamba chayamba kufufutika.